Benz kapena BMW yakale: zoti muone musanatulutse ndalama

Pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe simulephera kupeza galimoto ya Mercedes-Benz kapena BMW itaima pansi pa mtengo, yopukutidwa mpaka kudzionerapo nkhope, pagalasi lakumbuyo atamatapo pepala lakuti ikugulitsidwa. Mukafunsa mtengo mumachita kubwerezanso funso, poti ndi wotsika kuposa wa ka Toyota kamene kangolowa kumene kuchokera ku Japan. Mipando yachikopa, denga lotsegula, chitseko chotsekeka mwaulemu. Mtima umayamba kuwerengera anthu amene adzatembenuke mukamadzafika nayo ku ukwati.

Kutsika mtengoko kuli ndi chifukwa chake. Galimotoyo yakalamba n'kutchipa, koma masipeya ake sanakalambe nayo limodzi. Pampu, kompyuta ya giya, kiyi, zonsezi zimagulidwabe pa mtengo wa galimoto ya bwana, ndipo zambiri mumachita kuitanitsa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku UK, ndi ndalama zakunja zimene masiku ano n'zosowa. Walira mvula walira matope. Sindikukuletsani kugula; ine ndemwe ndimayendera imodzi ndipo sindikudandaula. Koma yoyamba imene ndinagula, Benz ya C180 Kompressor ya 2005, inandiphunzitsa mowawa. Mwiniwake anandiuza kuti tikumane ku Limbe masana, ndipo anafika akuyendetsa, injini ili yotentha kale, ikulira bwinobwino. M'mawa mwake nditailiza kunyumba kuno ku Mulanje ndinamva ngati munthu akukhutchumula timiyala m'chitini. Linali tcheni cha taimingi, cha m'kati mwa injini, ndi magiya ake. Ndalama zimene ndinadzitama kuti ndapulumutsa pokambirana mtengo zinathera pomwepo, zina n'kuwonjezerapo.

Yambani muli kunyumba

Musanakwere minibasi, imbani foni mufunse zinthu zitatu: dzina lenileni la galimotoyo, chaka chimene inapangidwa, ndi mtundu wa injini. Kungoti "ndi Benz" sikokwanira, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi nthenda yakeyake. Mukadziwa kuti ndi Benz ya E-Class ya 2004 kapena BMW ya 320d ya 2008, mumapita mukudziwa kale pamene mukaike khutu. Kenako funsani amakaniko amene mumawakhulupirira ngati anayamba aigwirapo galimoto yotere. Akayankha mozengereza, funani ena, ngakhale zitatanthauza kuwalipirira ulendo kuchokera ku Blantyre. Makaniko wodziwa Hilux ndi Sienta sikuti ndiye kuti amadziwa Range Rover. Ndipo akhale makaniko wanu, osati amene wabwera ndi wogulitsa kapena ndi dobadoba.

Panganani kuti mukaione m'mawa, pamene imagona, isanalizidwe. Nenani mosabisa: "Akulu, chonde musailize mpaka ndifike." Ngati akukana, kapena mukafika n'kupeza boneti ikutentha, mwaphunzirapo kale kanthu. Musapite madzulo, ndipo musapite tsiku la chiperoni, chifukwa galimoto yonyowa imaoneka yatsopano ngakhale penti yake itatha. Tengani tochi, kamaginito kakang'ono, nsanza yoyera, botolo la madzi ndi chiguduli choyala pansi. Ndalama zogulira galimoto zisiyeni kunyumba. Wogulitsa akati tumizani chikole pa foni poti pali wina akuifuna lero lomwe, musiyeni winayo aigule.

Mapepala kaye

Ambiri timathamangira kutsegula boneti, koma galimoto ya mapepala olakwika ndi chitsulo chabe, ngakhale injini ikhale yabwino bwanji. Pemphani blue book yeniyeni, osati fotokope. Dzina limene lili m'menemo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsayo. Akati "ndi ya achimwene anga ali ku Joni", ndiye kuti kusintha umwini kudzakuvutani, chifukwa ku Road Traffic amafuna mwiniwake wolembedwayo. Akati blue book ili kubanki, ndiye kuti galimotoyo idakali ndi ngongole.

Werengani nambala ya chasisi pa galimoto penipenipo, chilembo ndi chilembo, muifananize ndi ya m'buku. Magalimoto a ku Ulaya amakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17. Kawirikawiri imaoneka pansi pa galasi lakutsogolo, pa kapepala ka pamphuthu ya chitseko, komanso yodindidwa pachitsulo penipeni, kaya m'chipinda cha injini kapena pansi pa kapeti pafupi ndi mpando wakutsogolo. Yodindidwayo ndiyo yofunika. Ikaoneka yopalidwa, yopakidwa penti yatsopano, kapena ngati chitsulo chozungulira chinawotcheredwa, tsanzikani mwaulemu. Magalimoto apamwamba ena amabedwa ku South Africa n'kuwolotsedwa malire, ndipo apolisi akaigwira sakubwezerani ndalama zanu.

Ife kuno tili pafupi ndi chipata cha Muloza, choncho mudzakumananso ndi magalimoto a nambala za ku Mozambique kapena za ku South Africa amene analowa ndi chilolezo cha kanthawi kochepa. Amenewo msonkho wake sunalipidwe, ndipo msonkho wa galimoto yakale ya injini yaikulu si wamasewera, poti MRA imawerengera zaka ndi kukula kwa injini. N'chimodzimodzi galimoto imene mwiniwake anailowetsa mwaulere chifukwa cha udindo wake: ikamagulitsidwa pamafunika chilolezo cha MRA. Kafunseni nokha kumeneko, musamvere za m'maluwa. Onaninso COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi, chifukwa mukufuna kukaiyesa pamsewu pamene pali apolisi.

Ngati inachokera ku UK, funsani nambala yake yakale ya kumeneko. Boma la UK limaonetsa pa intaneti mwaulere mbiri ya MOT (COF ya kumeneko) ya galimoto iliyonse, kuphatikizapo mtunda umene inali itayenda chaka ndi chaka ndi zimene anaipeza nazo. Kumbukirani kuti kumeneko amawerengera mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Ya ku Japan imabwera ndi chikalata chotulutsira galimoto chimene chimasonyezanso makilomita. Izi zimathandiza chifukwa kubweza makilomita pa dashibodi ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa wodziwa. Chiwongolero chosalala ngati mwala wa mumtsinje, mpando wa dalaivala wophwasuka ndi mphira ya pa buleki yoperepeseka sizigwirizana ndi dashibodi yonena kuti yayenda makilomita 80,000 okha.

Thupi, ndi nkhani ya madzi

Imani kutsogolo chapambali, muwerame, muyang'ane m'mbali mwa galimoto motsatira kuwala. Pamene panamenyedwa pamaoneka timafunde, ndipo penti yobwereza siifanana kwenikweni ndi yoyandikana nayo. Mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi buti ikhale yofanana mbali zonse. Kamaginito kaja kamagwira pachitsulo koma kamafooka pamene pamatidwa phala lambiri. Chenjerani pokha kuti ena mwa magalimotowa ali ndi zigawo za aluminiyamu, monga boneti ya E-Class ya W211 ndi kutsogolo kwa BMW 5 Series ya E60 (W211 ndi E60 ndi maina a mibadwo ya magalimotowa), ndipo pamenepo maginito sagwira ngakhale pali bwinobwino. Kuphwanyika pang'ono kokonzedwa bwino si chifukwa chothawira. Chothawira ndi chitsulo cha chasisi chopindika kapena chowotcherera, chimene mumachiona m'mbali mwa injini ndi pansi pa buti.

Dzimbiri lisakeni m'mphepete mwa matayala, pansi pa zitseko ndi pamene pamalowa jeke. Za ku UK zimavutika nalo chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo Mercedes za kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 zinatchuka ndi dzimbiri.

Tsopano madzi, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ife a ku Mulanje ndi Thyolo tiyenera kuchenjera kuposa anzathu. Kuno mvula ndi yambiri, ndipo tonse tikukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anamiza magalimoto kuno, ku Phalombe ndi ku Blantyre. Ena mwa magalimoto amenewo anaumitsidwa, kutsukidwa, ndipo akusinthabe manja mpaka lero. Galimoto wamba ikamira mumatsuka, kusintha oyilo, n'kumapita. Yapamwamba ili ndi timakompyuta tambirimbiri, tina tili pansi pa kapeti, tina pansi pa mipando, tina m'buti pafupi ndi batire. Madzi akalowamo sizifa tsiku lomwelo. Nthambo zimayamba kudyeka pang'onopang'ono, ndipo pakatha miyezi mumangoona mawindo akutsika okha, batire likutha usiku, galimoto ikukana kuzindikira kiyi wake.

Tsekani zitseko ndi mawindo kwa kanthawi, kenako lowani mununkhize. Fungo la chinyontho silibisika, ndipo mafuta onunkhira ochuluka kwambiri ndi chizindikiro chakuti pali chimene akuphimba. Kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto; kumapeto kwake n'kumene otsuka amaiwala, ndipo mzere wa matope umatsalira pamenepo. Unikani ndi tochi njanji za pansi pa mipando muone ngati zachita dzimbiri. Pisani dzanja pansi pa kapeti, osati pamwamba pokha, chifukwa pansi pake pali siponji yokhuthala imene imasunga madzi milungu yambiri. Tulutsani zonse m'buti, muone m'dzenje la tayala lapadera ndi m'mbali mmene mumakhala batire. Dothi lofiira louma m'makona, kapena zobiriwira pa mafyuzi ndi pa mapulagi a nthambo, ndi umboni wokwanira. Galimoto yomira ine sindigula pa mtengo uliwonse.

Si madzi osefukira okha. Denga lotsegula lili ndi timapaipi tinayi totsitsa madzi pansi, ndipo timatsekeka ndi masamba ndi fumbi, makamaka galimoto ikamagona pansi pa mabulugamu. Tsegulani dengalo, thirani madzi a m'botolo muja m'ngalande yake, muone ngati akutulukira pansi pa galimoto. Akapanda kutuluka ndiye kuti nyengo yonse ya dzinja akhala akulowa m'kati. Yang'ananinso nsalu ya kudenga ngati ili ndi mawanga.

Injini isanalire

Ikani dzanja pa injini mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini yotsukidwa kwambiri mpaka kunyezimira ndimaikayikira kuposa yafumbi, poti fumbi limakuonetsani pamene oyilo akudontha. Tsegulani chotsekera cha oyilo muone kunsi kwake. Zoyera ngati chambiko zikhoza kutanthauza kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo, ndiye kuti gasiketi yapsa. Pang'ono pokha zimathanso kuoneka pa galimoto imene imangoyenda timaulendo tifupitifupi nyengo yozizira, choncho musaweruze ndi chimenechi chokha. Onani thanki ya madzi. Itsegulidwe injini ili yozizira basi. M'katimo muyenera kukhala kulanti, madzi apadera oziziritsa injini, wa mtundu wake woonekera bwino. Mukapeza madzi a pachitsime ofiirira, kapena oyilo akuyandama pamwamba, mwiniwake sankaisamala. Injini zambiri za magalimotowa ndi za aluminiyamu, ndipo zikawira kamodzi kokha mutu umatha kupindika.

Pa BMW 3 Series ya E46 ndi anzake a nthawi imeneyo, zigawo zambiri za madzi ndi zapulasitiki, ndipo zikakalamba zimang'aluka mosachenjeza. Funani timizere toyera touma pa thanki ndi m'malo olumikizira mapaipi. Funsaninso ngati themositati, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, ilimo. Amakaniko ena kuno amaichotsa galimoto ikayamba kutentha, amati kuno n'kotentha kale siifunika, koma kumeneko n'kubisa matenda osati kuchiza. BMW zina monga 3 Series za E90 za injini ya petulo ya masilinda 6 zilibe kachitsulo koyezera oyilo, mumayezera pa dashibodi, ndiye musadabwe mukakasowa.

Lowani, tembenuzani kiyi mpaka magetsi a pa dashibodi ayake, koma musalize. Timagetsi tonse tochenjeza tiyenera kuyaka: ka injini, ka ABS, ka ma airbag, ka batire, ka oyilo. Kamene sikakuyaka mwina wina anakachotsa kapena kukamata tepi kuseri. Alipo ena ochenjera amene amalumikiza kagetsi ka injini ku ka batire kuti tizizimira limodzi, choncho onetsetsani ngati tonse tikuzima mphindi imodzimodzi ngati tapangana.

Tsopano uzani mwiniwake alize, inu muli panja boneti ili yotsegula, makaniko wanu ali kumbuyo akuyang'ana utsi. Masekondi oyambirirawo ndi amene mwadzukira m'mamawa. Phokoso la timiyala m'chitini lija ndi tcheni chotamuka. Injini ya M271 ya ma C180 ndi C200 Kompressor imadziwika nalo. Ya dizilo ya BMW yotchedwa N47, imene inayamba kuikidwa mu 2007 mu 118d, 320d ndi 520d, tcheni chake chili kumbuyo kwa injini, kotero kuti posintha amachita kugwetsa injini kapena giyabokosi. Ya V6 ya Mercedes yotchedwa M272, ya zaka zoyambirira cha m'ma 2005 mpaka 2007, ili ndi kagiya kena m'kati kamene kamadyeka msanga, ndipo nakonso kamafuna kutulutsa injini yonse. Zoterezi si zoti "tidzaona kutsogolo".

Utsi woyera wopepuka m'mawa wa ku Thyolo ndi nthunzi chabe, umatha injini ikatentha. Woyera wokhuthala wosatha, wonunkhira motsekemera, ndi kulanti akupsa. Wabuluu ndi oyilo. Wakuda pa dizilo ndi ma injekita kapena tebo, ndipo ma injekita a magalimotowa sagwirizana ndi mafuta a m'zigubu amene tonse tinathirapo nthawi ya kusowa kwa mafuta. Isiyeni ilire payokha mphindi khumi, kenako pondani mafuta mwamphamvu kamodzi. BMW za petulo za masilinda 4 monga 318i ndi 320i zikatha timphira ta mavavu zimalavula mtambo wabuluu pamenepo, pamene poyenda simungaone kanthu.

Pa mphindi khumi zodikirazo dinani batani lililonse limene lilimo. Mawindo onse, magalasi a m'mbali, mipando, eyakoni, wailesi, zopukutira galasi, loko wa zitseko zonse. N'zotopetsa, koma chilichonse chakufa ndi ndalama. Makiyi akhale awiri, ndipo onse alize galimoto. Kiyi wa Benz sasulidwa pamsika.

Pansi pake

Yalani chiguduli chija mugone, kapena bwino koposa pitani nayo pa galaja ya dzenje. Magalimotowa ndi afupi, anapangidwira misewu ya ku Germany, osati mahampu a pa Chonde kapena misewu ya m'minda ya tiyi. Onani sampu ya injini ndi ya giyabokosi ngati inagundidwa, kumatidwa guluu kapena kuwotcheredwa. Onani kudontha kwa oyilo pakati pa injini ndi giyabokosi, mphira zong'ambika, mashoko onyowa. Makaniko agwedeze tayala lililonse litanyamulidwa ndi jeke. Miyendo yakutsogolo ya magalimotowa ili ndi timikono tambiri, ndipo kalikonse kali ndi mabushi ake, choncho "kungosintha mabushi" kumakhala ndalama zooneka. Pa E46 unikani chitsulo cha pansi pa buti, pamene pamamangidwa miyendo yakumbuyo, chifukwa chimakonda kung'aluka.

Ngati ndi yoyendera mphepo m'malo mwa masipuling'i, monga Range Rover ya L322, Discovery 3, kapena Mercedes ya Airmatic, kufika m'mawa kumakuthandizaninso kachiwiri. Ikagona usiku wonse iyenera kudzuka ili chilili mofanana mbali zonse. Yogwada kona imodzi ndiye kuti thumba la mphepo labooka. Kompuresa yake ilire pang'ono n'kusiya. Yolira mosalekeza ili pafupi kupsa. Kwezani ndi kutsitsa galimotoyo ndi batani lake kangapo. Ena anachotsa zonsezi n'kuika masipuling'i wamba, ndipo kwa munthu wokhala ku Thekerani kapena ku Limbuli ine sindiona cholakwika, bola akuuzeni ndipo mtengo utsike.

Matayala akhale a saizi yoyenera, ndipo awiri a ekiselo imodzi afanane. Pambali pa tayala pali manambala anayi a tsiku lopangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lodyeka mbali imodzi likunena za miyendo kapena chasisi yopindika. Yang'anani kuseri kwa marimu ngati anawotcheredwa. BMW zambiri zinabwera opanda tayala lapadera, zomwe muyenera kudziwa musanaphulitse tayala pa Nkando usiku.

Pamsewu

Kuzungulira pamsika sikuyesa galimoto. Pemphani ulendo wa theka la ola kapena kuposerapo, mafuta muthire ndinu, wailesi ikhale yozima. Musananyamuke pondani buleki, lowetsani R, kenako D. Giya ilowe msanga, mosagunda. Kuchedwa masekondi angapo kenako "gu!" ndi chizindikiro choipa. Opanga ena ankanena kuti oyilo wa m'magiyabokosi amenewa sasinthidwa moyo wake wonse, ndipo eni ambiri anakhulupirira; funsani ngati anasinthidwapo, ndipo ngati pali lisiti lake ndiye mwapeza mwini wosamala.

Mwayi wathu kuno ndi wakuti misewu yoyesera tili nayo. Chitunda chochoka ku Luchenza kukwera ku boma la Thyolo chimaulula zambiri: yang'anani muvi wa kutentha, uyenera kufika pakati n'kukhazikika pomwepo. Pondani mafuta mpaka pansi kamodzi muli pachitunda. Injini ikakwera kulira koma liwiro osawonjezeka, giya ikuterereka. Ikakakamira pa giya imodzi n'kukana kusintha, kompyuta yaona vuto ndipo ikudziteteza. Apa muonetsetse mwiniwake: akati "taimani pang'ono tizimitse tiyatsenso", ndiye kuti amalidziwa vutolo, poti kuzimitsa kumalibisa kwa kanthawi. Audi ya giya ya Multitronic iyeseni ponyamuka pang'onopang'ono pachitunda, ikamanjenjemera, isiyeni.

Potsika yesani mabuleki. Chiwongolero chisanjenjemere, galimoto isakokere mbali. E-Class ya W211 ya pakati pa 2002 ndi 2006 ili ndi mabuleki amagetsi otchedwa SBC, amene pampu yake imawerenga kuti mwaponda kangati ndipo ikafika malire ake imafuna kusinthidwa. Mercedes eniake anawasiya mabuleki amenewa pa E-Class mu 2006. Uthenga uliwonse wa mabuleki pa dashibodi ya galimoto imeneyi musautenge mopepuka, makamaka inu amene muzitsika nayo mapiri a ku Thyolo muli ndi ana kumbuyo.

Pezani malo owongoka, monga mbali zina za msewu wa Midima, mufike pa liwiro lololedwa, mumvetsere kulira kwa mabering'i ndi kwa difu. Kenako patukirani mumsewu wafumbi, mutsitse mawindo, muyende pang'onopang'ono. Kugogoda konse kwa miyendo kumamveka pamenepo. Pomaliza khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri mukuyenda mozungulira.

Mukabwerako musazimitse msanga. Tsegulani boneti, onani ngati fani ikuzungulira, ngati pali fungo la oyilo wopsa, ngati pansi payamba kudontha. Apa ndi pamene muiike pa kompyuta, osati musananyamuke, chifukwa wogulitsa akhoza kufufuta zolakwika zonse m'mawa, koma ulendo uja umazibweretsanso. Timakina totchipa ta OBD2 kawirikawiri timangowerenga injini. Pamafunika makina owerenga zigawo zonse, giya, mabuleki, ma airbag ndi miyendo, monga Star ya Mercedes kapena ISTA ya BMW, kapena ena amphamvu ofanana nawo. Wodziwa amatha kuona ngati zolakwika zafufutidwa posachedwa, ndipo pa magalimoto ambiri makilomita amasungidwanso m'zigawo zina, kotero kuti bodza la pa dashibodi limagwidwa. Ayezenso batire: pafupifupi mavoti 12.6 injini ili chete, ndi cha m'ma 14 ikulira. Batire lofooka limayatsa timagetsi tabodza tambiri pa magalimotowa, ndiye nthawi zina vuto looneka lalikulu limakhala laling'ono.

Mawu amene mudzamve kwambiri ndi akuti, "Bwana, kameneko ndi kasensa chabe." Mwina n'zoona. Yankho langa limakhala lakuti, "Ngati ndi kasensa chabe, akulu, kasintheni, ine ndibwera Loweruka." Amene akunena zoona amasintha. Ena saimbanso.

Mtengo ndi kulipira

Lembani zonse zimene mwapeza, ndipo musanatchule mtengo wanu imbani m'masitolo a masipeya ku Limbe ndi ku Blantyre mufunse mtengo wa chilichonse ndi masiku amene chimatenga kuti chifike. Pokambirana muziwerenga pepala limenelo modekha, osanyoza galimoto ya mwini. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kagoneni kaye, mukayankhe mawa. Ine ndimalangiza kuti ngati ndalama zanu zonse zikuthera pa kugula, galimotoyo si yanu. Musiye padera gawo looneka, mwina limodzi mwa magawo anayi, la oyilo wa injini ndi wa giya, mafyuluta, kulanti, mafuta a mabuleki ndi chimene chidzatulukire mwezi woyamba, poti sichilephera.

Mukagwirizana, lembani kalata ya mgwirizano yokhala ndi nambala ya chasisi, ya injini, mtengo, tsiku ndi mboni ziwiri, ndipo mutenge fotokope ya chiphaso cha wogulitsa. Lipirani kudzera kubanki kuti pakhale umboni. Ku Road Traffic ku Blantyre mupite limodzi, tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo gawo lomaliza la ndalama mulipereke umwini ukasinthidwa. Makiyi onse awiri, blue book, malisiti a ku galaja, jeke ndi kasipanala kapadera komasulira manati a loko a matayala zikhale m'manja mwanu musanasiyane, chifukwa kasipanalako kakatsalira m'thumba mwa mwini wakale, tayala silichoka.